Dzina la pa Chisamani

Yasmin Twaha ananyamuka pa Nselema dzuwa litalowa kale, azana yoitanira pemphero la madzulo itamveka ku mzikiti n'kutha. Sikuti anachita kufuna. Mlandu womwe anabwerera unali womaliza pa mndandanda wa tsikulo, ndipo pomwe unkafikiridwa nthawi inali itatha. A majisitireti anangoti aliyense abwerenso mawa naini koloko, n'kuwonjezera kuti mawalo ndi lomaliza: mboni ya boma ikapanda kupezeka, mlandu autseka, woimbidwa mlandu azipita kwawo.

Mboni ya bomayo inali iyeyo. Yotsala yokha.

Nkhani yake sinali yovuta kuimva. Mwezi wa Meyi, Yasmin akuthirira mpiru kudimba, anaona ndi maso ake Hussein, mng'ono wa a Mohamedi ogula nandolo pa Nselema, akutema a Chester, mlimi wa dimba loyandikana, ndi chikwanje polimbirana malire. A Chester anapulumuka, koma dzanja lamanja linauma, khasu sagwiranso. Oona anali anayi. Mmodzi anawolokera ku Mozambiki. Wina anapita kwa Kalembo, ku Balaka, kukaona matenda, ndipo matendawo mpaka lero sanachire. Wachitatu anaimirira m'khoti n'kunena kuti maso ake amachita chifunga masana. Sabata yotsatira nyumba yake inafoleredwa malata.

Kwa Yasmin sanabwere ndi malata. Anayamba ndi foni yopanda dzina, yongomupumira m'khutu. Kenaka mbuzi yake inapezeka itathyoledwa miyendo yakumbuyo. Lolemba lapitalo, potsegula chitseko m'mawa, anapeza kansalu koyera kopindidwa bwinobwino pakhomo. Inali sanda, nsalu yokulungira maliro. Ataitambasula anaona kuti munthu wamkulu singamukwane. Inali ya msinkhu wa Asiyatu, mwana wake wa miyezi isanu ndi iwiri.

N'chifukwa chake tsikulo mwana anamusiya kwa amayi ake ndi kapu ya phala. N'chifukwa chakenso sakanagona pa Nselema, ngakhale mayi wina wogulitsa nthochi anamuuza kuti mphasa ilipo. Asiyatu anali asanayamwe chichokereni m'bandakucha. Mabere anali atalimba ngati miyala, mkaka utayamba kale kunyowetsa bulauzi. Mwamuna wake anapita ku Joni iye ali ndi pakati, ndiye woti n'kumuimbira kuti dzanditengeni panalibe.

Pa siteji ya kabaza njinga zamoto zinali mbwee.

"Achimwene, kuseri kwa mlatho wa matabwa."

"Petulo wandithera, chemwali."

Wachiwiri anati tayala laphwa, tayalalo lili tototo pamaso pake. Wachitatu anali mnzake wa kusukulu, anasiyira limodzi sitandade sikisi. Ameneyu sananame.

"Yasmin, usandivute mwana wa amayi. Ndikakunyamula iwe, njinga iyi mawa ndiipeza ili phulusa."

Atatembenuka kuti azipita, anamva wina akumuitana mofatsa. Anali a Mohamedi, atakhala pakhonde la sitolo yawo, kapu ya tiyi m'manja, mkanjo woyera mbee.

"Make Asiyatu, mwaswera bwanji? Mwana akukula?"

Yasmin anakoka mpango kuphimba bulauzi yonyowa ija.

"Ife sitikuti muname, iyayi. Kunama n'tchimo. Sitikutinso musabwere, apolisi angakuvuteni. Bwerani ndithu. Kungoti mukakhale kuseri, pansi pa mango paja. Mesenjala akatuluka amaitana dzina katatu, si choncho? Yasmin Twaha, Yasmin Twaha, Yasmin Twaha. Kodi kumudzi alipo amakuitanani choncho? Inu ndinu Make Asiyatu. Dzina la pa pepala munthu amaliiwala." Anamwa tiyi pang'ono. "Katatu kokha, basi. Aliyense azigona mwamtendere, ndi ana omwe. Muyende bwino."

Yasmin anamanga chitenje mwamphamvu n'kulowa msewu wafumbi wolowera ku Chikweo.

Unali mwezi wa Okutobala, nthaka ikutulutsabe kutentha kwa masana. Kamwezi kanali kowonda ngati chikhadabo. Foni inali itazima kalekale. Nyumba za m'mbali mwa msewu zinayamba kutalikirana, kenaka kunangotsala minda ya chinangwa ndi mapesi a nandolo, mbali iyi ndi iyo. Atayenda ngati ola limodzi, patapata wakumanzere anaduka. Anagwada, kutola kapepala ka shuga, kukapota, kumangirira, n'kupitiriza.

Anali atatopa, kutopa kosatha ndi tulo. Aka kanali kachisanu kupita kukhoti. Kasanu kudzuka kusanache, kusiya munda wosasosa, kukhala pakhonde tsiku lonse ngati thumba la makala losowa wogula, kenaka n'kuuzidwa tsiku lina. Ndipo mawu a a Mohamedi, ngakhale ankawada, ankamveka ngati mphasa yoyalidwa kale. Sanamupemphe kunyamula kanthu. Anamupempha kungokhala. Dzanja la a Chester silidzabwerera, ayankhe asayankhe. Asiyatu ndi mmodzi yekha. Ndani angamunene mayi chifukwa chosamva dzina?

Pofika pa manda a Asilamu, pomwe msewu umapinda pansi pa mitengo ikuluikulu ya masuku, n'kuti atatsala pang'ono kugwirizana ndi mtima wake kuti mawa akhala pansi pa mango.

Mdima wa pamenepo unali wina. Ngakhale nkhululu zinali chete. Yasmin anakoka mpango kuphimba bwino mutu, ndipo monga anaphunzitsidwa ali mwana kuti pamanda sadutsa ngati pa msika, ananong'ona osayang'anako.

"Asalamu alaikum."

"Wa alaikum salamu."

Yasmin anaima pomwepo!

Liwu lachikazi. Lotsika, losasa. Pafupi kwambiri.

M'mbali mwa msewu, pa chulu chaching'ono, panakhala mayi. Sanali nkhalamba, mwina msinkhu wa amayi ake omubereka. Mpango kumutu, mapatapata m'manja, miyendo atatambasula ngati munthu amene wayenda tsiku lonse. Yasmin anapuma. Mizimu sivula mapatapata, anadziuza yekha. Mizimu situpa mapazi.

"Mwandiopsa, amayi."

"Mwachokera kukhoti," anatero mayiwo. Sikunali kufunsa. "Inenso."

"Sindinakuoneni."

"Ndinali kuseri. Pansi pa mango."

Anadzuka pang'onopang'ono, atagwira bondo, n'kuyamba kuyenda pambali pake. Yasmin anayamika mumtima kuti wapeza woyenda naye. Patapata womangidwa uja ankalira phwa, phwa, phwa. Mapazi a mayiwo sankamveka. N'zoona anali osavala, ndipo fumbi linali lambiri, komabe...

"Nanga anandiitana?" mayiwo anafunsa mwadzidzidzi.

"Dzina lanu ndani, amayi?"

"Ine ndine Abiti Usumani. Linalo ndi la pa pepala." Anasisita mfundo ya pakona ya chitenje, pomwe anamangapo kapepala kopindapinda. Yasmin anakazindikira. Chisamani cha kukhoti, ngati chake chomwe chinali m'bulauzi. Kungoti ichi chinali chofiirira, chofewa ngati chinachapidwa pamodzi ndi zovala.

"Lero sindinamve dzina lotero."

"Amaitana katatu," anatero mayiwo, maso ali kutsogolo. "Koyamba umati ndiyankha kachiwiri. Kachiwiri umati ndiyankha kachitatu. Kachitatu..." Anapukusa mutu. "Ndatopa, mwanangu. Njira iyi siitha."

Mphepo sinkaomba, koma Yasmin anamva fungo. Fungo la matope a mumtsinje, la madzi osefukira a mwezi wa Febuluwale. Mvula inali isanagwe kwa miyezi isanu. Anayang'ana pansi chozemba. Chitenje cha mayiwo chinali chonyowa, chomata m'miyendo. Chinkadontha.

Dontho. Dontho. Pafumbi louma.

Mwina anagwera padimba. Mwina ali ndi matenda aja a amayi ovutika pobereka, munthu sufunsa. Yasmin anafulumiza mwendo. Mayiwo sanafulumize, koma sanatsalire.

"Mkaka ukutayika," anatero. "Wamkazi?"

"Wamkazi."

"Anga anali atatu. Anandiuza kuti ndikakhala chete ndikagona nawo kwathu." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mpweya. "Sindinafikebe."

Yasmin sanafunse kuti chichokereni liti. Anawerenga mumtima zomwe zatsala: mlatho wa matabwa, munda wa thonje, mjigo, nyumba. Mlatho, thonje, mjigo, nyumba. Mwana. Mwana basi.

Msewu unayamba kutsetsereka. Kutsogolo kunaoneka mzere wakuda wa mabango.

Dzanja linamugwira pamkono.

Kuzizira kwake! Ngati chitsulo cha mjigo m'mawa wa Juni. Kunalowa mpaka m'fupa.

"Pamwamba ayi," mayiwo ananong'ona. "Tsikirani kumchenga."

Yasmin anafuna kusolola mkono, kuthawa, kukuwa. Koma maso ake anagwa pa mlatho. Kamoto kofiira. Kanawala, kanazilala, kanawalanso. Ndudu. Pambali pake chinthu chonyezimira pang'ono ndi kamwezi kaja: njinga yamoto, yozimitsa nyali.

Anatsika. Kanjira ka ng'ombe, kodutsa m'mabango. Mtsinje unali wouma, mchenga wokhawokha. Anavula mapatapata. Anawerama. Phazi limodzi. Lina. Mlatho unali pamwamba pawo, kudzanja lamanja, pafupi moti ankamva matabwa akulira munthu akasuntha.

"Akuchedwa bwanji mkaziyu?" Liwu lachimuna.

"Afika. Mwana ali kumudzi, agona kuti?"

"Koma si bwana ayankhula naye bwinobwino?"

"Akuti samukhulupirira. Angakhale chete mawa, nanga mkuja? Akuti mwendo umodzi wokha, asathe kuyenda. Zikavuta, zavuta."

Chitsulo chinagunda thabwa. Gu.

Yasmin anagwira pakamwa. Mkaka unkatsika m'mimba mwake, wofunda. Mapazi khumi okha kuti alowe m'mabango a tsidya lina. Asanu ndi anayi. Asanu ndi atatu...

"MARYAM USUMANI!"

Liwulo silinachokere pamwamba. Linachokera pansi pa mlatho, mumdima wa pakati pa mizati, momwe munalibe munthu. Liwu la mesenjala wa khoti, lokoka mawu, lotopa ndi ntchito yake, la munthu woimirira pakhomo ndi faelo m'manja.

Pamwamba ndudu inagwa.

"Iwe... wamva?"

Mayi aja anali ataima chilili pakati pa mchenga. Sanaweramenso. Pakamwa anatsegula. Milomo inagwedera. Palibe chinatuluka.

"MARYAM USUMANI!"

Anagwira pakhosi ndi manja onse awiri. Mapatapata anagwa osamveka. Ankayesa. Yasmin ankaona kuti akuyesa, mitsempha ya m'khosi itaima, chifuwa chikukwera n'kutsika, ngati mwana wotsamwa ndi mbatata. Maso awo anatembenukira kwa Yasmin. Sanali maso oopsa. Anali maso a munthu amene wakhala pamzere chichokereni m'mawa ndipo akuona zenera likutsekedwa.

Chete. Chete wautali. Yasmin anamva wakuitanayo akukoka mpweya.

"MARYAM USUMANI!"

"Alipo!"

Linatuluka lokha. Kusikelo ya ana ndi mmene amachitira: mnzako akapita kuseri kukasintha mwana thewera, dzina lake n'kuitanidwa, sumayamba waganiza ngati ukumudziwa. Umangokuwa kuti alipo, kuti khadi lake lisabwerere pansi pa mulu. Yasmin anali atayankhira amayi ambirimbiri choncho, enanso atamuyankhira iye. Pakamwa panachita zomwe panazolowera, mutu usanavomere.

Liwu lake linamveka mtsinje wonse.

Tochi inayaka.

Kuwala kunamumenya kumaso. Watha. Anaona chitsulo m'dzanja la mmodzi, anaona winayo akuponda kale m'mphepete kuti adumphe. Kenaka kuwala kuja kunasuntha pang'ono, kupita pambali pake, pomwe panaima mayi aja.

Kunaima pamenepo.

Kunayamba kunjenjemera.

"Laila... Laila ha ilallah!"

Tochi inagwera mumchenga. Matabwa anagunda ngati padutsa ng'ombe. Njinga inakana kulira, kamodzi, kawiri; anaikankha chothamanga, wina akulira ngati kamwana, "Usandisiye! Usandisiye, iwe!" Inalirira patali, kulowera ku Nselema, mpaka phokoso linatha.

Yasmin sanayang'ane chomwe anaona anthuwo. Mutu wake unakana ntchito imeneyo. Unali utanyamula zokwanira tsiku limodzi.

"Andilemba?"

Liwu la mayiwo linali litayera tsopano, lopanda kusasa kuja.

"Akulembani, amayi," anatero Yasmin, maso ali pamchenga. Sanadziwe chifukwa chake anayankha choncho.

"Eya. Basi ndikhale pansi pang'ono." Anamva akukhala, kutsamira mzati wa mlatho, n'kutulutsa mpweya wautali ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni. "Pitani. Mwana akulira."

"Ndikabwera ndi amalume, ndi nyali. Musachoke."

Anathamanga. Mabango anamucheka m'miyendo, sanamve. Thonje. Mjigo. Agalu a kwa aneba. Kulira kwa Asiyatu anakumva asanafike pabwalo, kulira kosasa kwa mwana amene walira mpaka mawu kutha.

Amayi ake anatsegula chitseko atagwira koloboyi, nkhope itatupa ndi nkhawa.

"Iwe, nthawi ino? Ndimati akupha! Mapatapata ali kuti?"

Yasmin anakhala pansi pomwepo, kutsamira khoma, kulandira mwana n'kumuika kubere. Ululu wake unamutulutsa misozi, kenaka thupi lonse linamasuka. Kwa kanthawi m'nyumbamo munangomveka kumeza kwa mwana.

"Amayi, kadzutseni amalume atenge nyali. Ndasiya mayi wina pansi pa mlatho, watopa kwambiri, zovala zonse zonyowa. Akanapanda iyeyo bwenzi anyamata a a Mohamedi atandithyola mwendo. Amandidikira pamwamba ndi chitsulo."

"Mayi wa kuti?"

"Akuti Abiti Usumani. Amachokeranso kukhoti. La pa chisamani ndi Maryam."

Koloboyi anapendama. Amayi ake anamukhazika pansi msanga, kenaka nawonso anakhala, pang'onopang'ono.

"Wamtali? Mpata m'mano akutsogolo?"

"Sindinawaone mano. Kodi mukuwadziwa? Tiyeni, tisawachedwetse."

"Kulibe woti tikamutenge kumeneko, mwanangu."

Anayang'ana lawi la koloboyi.

"Iwe unali sitandade fili. Papita zaka khumi ndi chimodzi. Kunali munthu wina kuno anawotcha nyumba ya mkazi wake, mkaziyo ali momwemo. Abiti Usumani anamuona akuthira petulo. Abale a munthuyo anawayendera usiku, ana awo atatu kuwatchula mayina mmodzimmodzi. Tsiku la mlandu anapita, koma anakakhala kuseri. Dzina linaitanidwa katatu. Munthu uja anatuluka masana omwewo, akuseka. M'mawa mwake tinawapeza pansi pa mlatho. Inali Febuluwale, koma madzi anali ofika m'mawondo okha, oti ngakhale mbuzi iwoloka. Zala zinali zitadinda pakhosi. Ndinawasambitsa ndine. Ali pa manda a pa masuku aja, chakumsewu."

Mwana anasiya bere, n'kuyang'ana amake. Mkono wa Yasmin uja unayambanso kuzizira pomwe panagwiridwa. Anafuna kukuwa, koma mphamvu yokuwira analibe.

"Anthu amati sanalizindikire dzina lawo," amayi ake anapitiriza. "Amati munthu wosapita kusukulu, wozolowera Abiti Usumani, akanadziwa bwanji kuti Maryam ndi iyeyo? Bodza. Analidziwa. Ndinawaperekeza ndine tsiku limenelo. Ndinakhala nawo pansi pa mango paja, phewa ndi phewa. Ndinamva katatu konse." Anaphimba nkhope ndi mpango. "Nanenso sindinati alipo."

Kunja tambala woyamba anali asanalire. Yasmin anasamutsira mwana kubere linalo, n'kumupukuta thukuta pamphumi ndi chala.

"Ndiye anakhala chete, n'kuwaphabe," anatero, ngati akuwerenga mizere ya m'munda.

Amayi ake anagwedeza mutu, osachotsa mpango kumaso.

"Mundidzutse azana isanamveke. Muwauze amalume abwereke njinga ziwiri zakapalasa, tidzere njira ya kumadimba. Mwanayu ndimubereka, sindimusiyanso. Inunso muvale, tipitira limodzi." Anatseka maso, mutu utatsamira khoma. "Tikakhala kutsogolo, amayi. Pakhomo penipeni."